Kuyerekeza Magetsi Amene Masola a Pakhomo Amatulutsa pa Tsiku

Nkhani ino ndi ya magetsi a dzuwa, amene ambiri amangoti sola, makamaka funso limene limabuka kawirikawiri pakati pa mabanja oyandikana, lakuti n'chifukwa chiyani nyumba ziwiri zimene zinagula mapanelo olembedwa nambala yofanana zimasiyana, ina kuyatsa mababu mpaka pakati pa usiku pamene inzake imagwa mumdima anthu asanamalize n'kudya komwe. Funsoli siliyankhidwa ndi nambala yolembedwa kumbuyo kwa panelo, pakuti nambalayo imanena zimene panelo ingathe kuchita zinthu zonse zili bwino, osati zimene banja limalandira pa denga lake tsiku ndi tsiku.

Pali miyeso iwiri imene imasokonezedwa, ndipo kusokonezako ndiye gwero la mikangano yambiri pakati pa ogula ndi ogulitsa. Woyamba ndi wati, umene umalembedwa ndi chilembo cha W, ndipo umanena kukula kwa mphamvu imene ikutuluka pa mphindi imeneyo, monga mmene madzi amatulukira pa mjigo, mothamanga kapena mwapang'onopang'ono. Wachiwiri umalembedwa Wh, ndipo umapezeka pochulukitsa mawati ndi maola amene mphamvuyo yakhala ikutuluka. Umenewu ndiwo madzi amene ali mu ndowa dzuwa likamalowa. Babu la mawati 5 likayaka maola 4 latha 20 Wh. Yunitsi imodzi imene anthu a m'tauni amagula ku ESCOM ndi 1,000 Wh. Banja limaphikira madzi a mu ndowa, choncho poyerekeza masola awiri chofunika ndi ma Wh a pa tsiku.

Nambala ya pa panelo imayezedwa ku fakitale, pa kuwala kwa mawati 1,000 pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, panelo ili pa kutentha kwa madigiri 25 okha. Kuwala kotere kumafika pa denga cha kumasana kumwamba kukayera, koma m'mawa ndi madzulo kumakhala kochepa kwambiri. Ngakhale kuti m'Malawi dzuwa limaoneka pakati pa maola 11 ndi 13 malingana ndi nyengo, kuwala konse kwa tsiku kukaphatikizidwa kumangofanana ndi maola 5 kapena 6 a dzuwa lamphamvu lija. Panelo ya mawati 100 ikachulukitsidwa ndi maola 5 imapereka 500 Wh, koma zimenezi ndi za papepala, popeza mphamvu ina imathera m'njira. Banja limene zipangizo zake zili bwino lingayembekezere pafupifupi 350 Wh, ndipo pa tsiku la mitambo yokhayokha nambalayi imatha kutsika kufika pa 100 Wh kapena kucheperapo.

Kumene mphamvu imathera n'kumene kumasiyanitsa nyumba ndi nyumba. Malawi ali kumwera kwa mzere wa ikweta, kotero kwa miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo mu Juni limapendekera kumpotoko kwambiri. Panelo iyenera kuyang'ana kumpoto, yopendekeka pafupifupi madigiri 15, kupendekeka kumene kumathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi. Amisiri ena amangotsata kumene denga layang'ana chifukwa ndiko kosavuta kukhoma, ndipo panelo yoyang'ana kumwera imaoneka ngati ikugwira bwino mu Disembala, n'kudzakhumudwitsa eni ake nyengo yozizira ikafika.

Kutentha nako kumadya mphamvu, ngakhale kuti ambiri amaganiza kuti dzuwa likamaswa mtengo ndiye kuti magetsi achuluka. Panelo imadya kuwala, ndipo ikatentha kupitirira madigiri 25 imataya pafupifupi magawo 4 pa magawo 1,000 alionse a mphamvu yake pa digiri iliyonse yowonjezereka. Panelo yogonekedwa pa malata popanda mpata wodutsa mphepo imafika mosavuta pa madigiri 55 mu Okutobala, ndipo pamenepo yataya magawo 12 pa 100 alionse. M'madera otentha monga Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, mpata wokwana dzanja pakati pa panelo ndi malata umabweza mbali ina ya mphamvu imeneyi popanda kuwononga ndalama.

Chimene chimawononga kwambiri, komanso chimene eni nyumba sachiona msanga, ndi mthunzi. Timagawo tating'ono timene timaoneka pa panelo tinalumikizidwa mondondozana, kotero magetsi amadutsa m'kagawo kalikonse asanatuluke, ndipo kagawo kamodzi kakaphimbika kamatsekereza ena onse a pa mzere wake, monga mmene mwala umodzi umatsekera ngalande ya m'dimba. Nthambi imodzi ya mtengo wa mango, tsamba la papaya, mlongoti wa wailesi yakanema ngakhalenso zitosi za nkhunda zingathe kuchotsa mphamvu yoposa kwambiri kukula kwa malo amene zaphimba. Mthunzi umayendanso ndi nyengo, chifukwa mtengo umene suphimba panelo mu Novembala ungathe kuiphimba mu Juni dzuwa litapendekera kumpoto. Fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala, pamodzi ndi phulusa la moto wa kutchire, limachita chimodzimodzi mwakachetechete, ndipo mankhwala ake ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa, m'mawa kapena madzulo galasi lisanatenthe. Palinso mabanja amene amatulutsa panelo m'mawa n'kuilowetsa madzulo poopa akuba, chimene n'chomveka. Koma panelo yotuluka mochedwa chifukwa onse analawirira kumunda, kapena yongotsamiritsidwa pa khonde, singayerekezedwe ndi yokhomedwa pa denga.

Pakati pa panelo ndi batire pamakhala kontirola, kachipangizo kamene kamateteza batire kuti isadzaze mopitirira muyeso kapena kutheratu. Mitundu yake ndi iwiri. Wotchipa, wolembedwa PWM, umakakamiza panelo kugwira ntchito pa mavolti a batire, amene amakhala 13 kapena 14, pamene panelo yokha imapereka mphamvu yake yonse pa mavolti pafupifupi 18. Zotsatira zake n'zakuti panelo ya mawati 100 imalowetsa m'batire mawati pafupifupi 75 dzuwa lili pamutu. Wolembedwa MPPT umasintha mavolti otsalawo kukhala mphamvu yolowa m'batire, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo pa sola yaing'ono ya mababu ndi foni ndalama yowonjezerayo nthawi zambiri imapindula kwambiri ikagulira panelo yokulirapo. Mawaya opyapyala ndi aatali amatayanso mphamvu yambiri pa mavolti 12, ndipo waya wofunda pougwira ndi chizindikiro chakuti magetsi akuthera m'njira.

Kuyerekeza kwachilungamo kumafuna kuti nyumba zonse zilembe m'kope pa masiku omwewo, kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo, pakuti tsiku limodzi lingakhale la mitambo. Makontirola ena amaonetsa ma Wh a tsikulo, ena amaonetsa Ah, nambala imene ikachulukitsidwa ndi 12 imapereka ma Wh moyandikira. Zikalembedwa, ma Wh a pa tsiku amagawidwa ndi mawati olembedwa pa panelo, kuti yaikulu ndi yaing'ono ziyezedwe ndi muyeso umodzi. Mwachitsanzo, nyumba ya panelo ya mawati 50 yolandira 180 Wh imapeza 3.6, pamene ya panelo ya mawati 200 yolandira 500 Wh imapeza 2.5. Yachiwiriyi ili ndi magetsi ambiri, koma yoyamba ndi imene zipangizo zake zikugwira bwino, ndipo mwini wa yachiwiri ali ndi chifukwa chokwerera pa denga kukafufuza. Kumene kontirola saonetsa nambala, nyumba ziwirizo zingayatse mababu ofanana kuyambira ola limodzi madzulo n'kuwerenga maola mpaka atazima, ngakhale kuti njira imeneyi imayeza panelo ndi batire pamodzi.

Pali msampha umodzi m'kawerengedwe kameneka umene umanamiza ngakhale anthu odziwa. Batire ikadzaza, kontirola amaletsa mphamvu kulowa, choncho nyumba imene inagwiritsa ntchito magetsi ochepa usiku imadzaza batire isanakwane 11 koloko, ndipo nambala yake ya tsikulo imatuluka yaing'ono ngakhale panelo ilibe vuto. Nambala yotere imaonetsa zimene banja linadya dzulo lake, kotero tsiku loyenera kuyerekeza ndi limene mabatire onse anayamba m'mawa ali otsika.

Batire ndiyo nkhokwe, ndipo zokolola zambiri sizithandiza nkhokwe ikakhala yaing'ono kapena yofumbwa. Batire ya mavolti 12 yolembedwa 100 Ah imasunga 1,200 Wh, koma ya mtundu wa asidi siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, kotero zogwiritsa ntchito ndi 600 Wh zokha. Ya lithium imalola kugwiritsa ntchito magawo 80 pa 100 alionse a mphamvu imene yasunga ndipo imakhalitsa. Batire ya galimoto inapangidwira kulizira injini kwa kamphindi, ndipo ikamatsitsidwa usiku uliwonse imafa msanga. Mabanja ambiri amene amadandaula za panelo amakhala kuti vuto lawo lili apa. Ponena za chinyengo cha pa malonda, kukula kwa panelo kumaulula zambiri, chifukwa mapanelo abwino a masiku ano amapereka mawati pafupifupi 200 pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, ndipo panelo yosafika theka la malo amenewa koma yolembedwa mawati 300 inalembedwa bodza.

Nambala za m'kope zimakhala ndi tanthauzo zikaikidwa pafupi ndi zosowa za pakhomo. Mababu 4 a mawati 5 oyaka maola 5 amatha 100 Wh, mafoni 3 amatha pafupifupi 40 Wh, ndipo wailesi yakanema ya mawati 40 yoonedwa maola 4 imatha 160 Wh, zonse pamodzi 300 Wh, zimene panelo ya mawati 100 imakwanitsa pa tsiku loyera koma osati pa la mitambo. Ayironi ya mawati 1,000 imatha 500 Wh pa theka la ola, choncho kusita ndi kuphika sizili m'gulu la ntchito za sola yotere. Nyengo yoyezera iyeneranso kusankhidwa mwanzeru: Seputembala ndi Okutobala amakometsa sola iliyonse, pamene Januwale ndi Febuluwale, miyezi ya mvula, komanso Juni ndi Julayi m'madera a chiperoni monga Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, ndi imene imaonetsa mphamvu yeniyeni imene banja lingadalire. Banja lofuna kugula panelo ina kapena batire yokulirapo liyenera kutenga nambala za miyezi yovutayi, ndipo komiti ya chitukuko ya m'mudzi ingathe kusunga kope limodzi la nyumba zingapo, lolembedwa tsiku, mmene kumwamba kunalili, mawati a panelo, mtundu wa kontirola ndi ma Wh a tsikulo, kuti wofuna kugula aziyamba waona kopelo asanapite kumsika.