Tsiku Limene Ahindu Amasala Kudya

Lero ndifuna kukamba nanu za mwambo wina wa anzathu Ahindu, pakuti ambiri a inu mumapita ndi zokolola zanu ku misika ya Limbe ndi Blantyre.

Poyamba dziwani kuti Amwenye sali a chipembedzo chimodzi ai. Ena ndi Asilamu, amene amasala mwezi wa Ramadan. Ena ndi Ahindu, ndipo makolo a ambiri a iwo adachokera ku Gujarat, m'dziko la India. Kachisi wao ali mu mzinda wa Blantyre.

Ahindu, makamaka opembedza Vishnu, amasunga tsiku lochedwa Ekadashi, ndiko kunena "la khumi ndi chimodzi." Limadza kawiri pa mwezi, ndiye kuti ka 24 pa chaka. Iwo amawerenga mwezi wa kumwamba monga ankachitira makolo athu, ndipo tsikuli limagwa kutatsala masiku ngati anai kuti mwezi ukhale wathunthu, ndiponso kutatsala masiku ngati anai kuti mwezi ufe.

Pa tsikulo sadya mpunga, tirigu, chimanga, nyemba kapena nandolo. Ena sadya kanthu konse kufikira m'mawa mwake. Pa Nirjala Ekadashi, imene imadza mu May kapena June, ena sakhudza ndi madzi omwe. Iwo amakhulupirira kuti munthu akadziletsa pa chakudya, mtima wake umapeza mpata wokumbukira Mulungu, ndipo zoipa zake zimafafanizidwa. Chifukwa chake tsikulo amapemphera ndi kuwerenga mabuku ao.

Nanga zimenezi zimkhudza bwanji mlimi? Osala ambiri amadya zipatso, mkaka, mbatata, kachewere, chinangwa ndi mtedza, koma anyezi ndi adyo ai. Tsono inu a ku Chiradzulu ndi ku Thyolo, muziyang'ana mwezi. Ekadashi ikayandikira, fikani msanga ndi nthochi, mapapaya ndi mbatata zotsuka bwino. Nandolo wouma saonongeka msanga. Mudzabwera naye tsiku lina.

Inu mafumu, langizani ana anu amene akugwira nchito m'nyumba ndi m'masitolo a Ahindu. Asasakanize ufa kapena mpunga ndi chakudya cha munthu wosala, ndipo asamseke kuti akudzizunza. Ifenso tikasala m'mipingo mwathu timafuna kuti anzathu atichitire ulemu. Ngati simulidziwa bwino tsikulo, funsani mwaulemu amene mumawagulitsa, adzakuuzani.