Mendulo ya Munthu Wofukula Mabomba

Tikamva za mendulo ya kulimba mtima, ambiri a ife timaganizira msilikali wothamangira adani mfuti ili m'manja. Lero ndifuna kuti tiganizire msilikali wa mtundu wina, amene amayenda patsogolo pa anzake onse maso ali pansi. Ameneyu ndiye injiniya wa nkhondo, womanga milatho, wolambula misewu ndi wofukula mabomba amene adani akwirira m'nthaka.

Pa Nkhondo Yaikulu Yachiwiri, Mataliyana anali atalanda dziko la Abyssinia, limene lero tikulitcha Ethiopia. Nkhondo imeneyo si yachilendo kwa ife, pakuti asilikali a K.A.R. ochokera m'dziko muno anamenya nawo, kuyambira ku Moyale m'chaka cha 1940. Koma munthu amene ndikunena anachokera ku India. Dzina lake ndi Premindra Singh Bhagat, mnyamata wa zaka 22, wa gulu la mainjiniya lotchedwa Royal Bombay Sappers and Miners.

Usiku wa pa 31 January 1941, Mataliyana anathawa ku Metemma, pa malire a Sudan, kulowera ku Gondar. Pothawapo anakwirira mabomba mu msewu kuti owalondola asadutse. Bhagat anapatsidwa ntchito yotsegula msewuwo, ndipo anauzidwa kuti achite mwamsanga adani asanapeze mpata wokonzekanso.

Mundimvetse bwino apa. Makina ofufuzira mabomba m'nthaka anayamba kugwira ntchito kwenikweni mu 1942, pa nkhondo ya El Alamein. Nthawi imeneyo isanafike, munthu ankagwada, nabaya dothi pang'onopang'ono ndi mpeni wa kumfuti, ndipo akamva kanthu kolimba ankapalasa ndi zala zake. Inu amene munakumbako chinangwa m'nthaka youma mukudziwa kupweteka kwa msana. Onjezanipo kuti chimene mukukumbacho chingathe kukuphani mukangochigunda molakwika.

Bhagat anagwira ntchito imeneyi masiku anayi, pa mtunda wa mailosi 55, nachotsa mabomba m'malo 15 osiyanasiyana. Kawiri konse galimoto ya nkhondo imene anakwera inaponda bomba, ndipo anzake ena anavulala. Ulendo wachitatu adani anawabisalira nayamba kuwaombera ali pafupi. Khutu lake limodzi linaboka mkati chifukwa cha kuphulikako. Akuluakulu ake ataona kuti walefuka anafuna kutumiza wina m'malo mwake, koma iye anakana.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi chifukwa chimene anapereka pokana. Sananene kuti iye ndi wopanda mantha ayi. Anati pofika pamenepo iye ndiye amene akuidziwa bwino ntchitoyo kuposa wina aliyense amene angabwere. Taganizani: munthu watsopano akanayamba kuphunzira kuyambira pachiyambi makwiriridwe a mabomba a Mataliyana, ndipo maphunziro otere malipiro ake ndi miyendo ya anthu. Wothamangira adani kulimba mtima kwake kumafunika kwa mphindi zochepa, magazi ali otentha. Mnyamatayu kunamufunika pa bomba lililonse, mutu uli wozizira, kwa maola 96.

Chifukwa cha ntchito imeneyi analandira Victoria Cross, mendulo yoposa zonse ya kulimba mtima m'magulu a nkhondo a Britain, imene inakhazikitsidwa mu 1856. Anamuveka ndi Lord Linlithgow mu mzinda wa Delhi, m'chaka chomwecho cha 1941. Gondar yemwe uja anagwa mu November, ndipo pakati pa omulanda panali asilikali a K.A.R.

Bhagat anapitiriza usilikali dziko la India litalandira ufulu, mpaka anafika pa udindo wa Lieutenant General. Pomaliza anali wapampando wa bungwe la Damodar Valley Corporation, loyang'anira madamu ndi magetsi, ndipo anamwalira mu 1975 akali pa ntchito imeneyo.