Kafukufuku amene angaime kukhoti: mawu kwa atsikana ophunzira zamalamulo

 Lero tikambirane za kafufuzidwe. Mkwiyo tili nawo, inde, koma jaji amafunsa umboni.

Tiyambe ndi nkhani ya vakabu. Ambirife tinakula tikudziwa kuti ukayenda usiku, apolisi akhoza kukutola. Mu 2013, mabungwe a SALC ndi CHREAA anatulutsa lipoti lotchedwa No Justice for the Poor. Anawerenga lamulolo, kenako anakaona m'mabuku a apolisi ku Blantyre kuti omangidwa ndi ndani. Zinaoneka kuti lamuloli limapweteka kwambiri anthu osauka. Mabungwe omwewa anathandizanso pa mlandu wa a Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo, amene anagwidwa m'mamawa akupita kukachita geni. Mu Januwale 2017, khoti lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko lino.

Apa tikuphunzirapo kuti kafukufuku wa zamalamulo amayenda ndi miyendo iwiri.

Mwendo woyamba ndi kuwerenga lamulo lenilenilo. Osadalira manotsi a mnzathu kapena zimene zikuyenda pa WhatsApp. Tipite pa MalawiLII, titsitse lamulo ndi zigamulo za makhoti, tiwerenge tokha. Tizionanso chaka. Amene ali ndi buku lakale la malamulo oyendetsera dziko apezamo kuti mwana wa zaka 15 akhoza kukwatiwa makolo akavomera. Nyumba ya Malamulo inachotsa zimenezo mu 2017. Kulemba lamulo loti linasinthidwa kale kumagwetsa ntchito yonse.

Mwendo wachiwiri ndi kupita kumene lamulolo likugwira ntchito: kukhoti la majisitireti, ku Victim Support Unit, kwa amayi enieniwo. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, koma pepala silingatiuze kuti mayi amadikira masiku angati kuti apatsidwe chiletso cha khoti. Limenelo ndi funso labwino, chifukwa ndi laling'ono ndipo lingayankhike. "Nkhanza m'Malawi" si funso; sankhani khoti limodzi, chaka chimodzi, mtundu umodzi wa mlandu.

Tichenjerenso ndi manambala. Buku la apolisi limawerenga okhawo amene anakadandaula. Amene anaopa, kapena nkhani yawo inathera kwa ankhoswe, mulibemo. N'chifukwa chake tiziyerekeza ndi kafukufuku wa m'makomo, monga Malawi Demographic and Health Survey ya 2015-16 ya a National Statistical Office, imene inafunsa amayi eni ake za nkhanza.

Tsopano chachikulu: munthu amene tikumufunsa si nambala ayi. Tisanayambe, tipeze chilolezo ku komiti yoona za kafukufuku pasukulu yathu. Mayi aliyense timuuze m'chilankhulo chake chimene tikufuna, ndipo adziwe kuti akhoza kukana kapena kusiyira panjira. Tisamufunse mwamuna wake ali pafupi. Dzina lake lisalembedwe pamodzi ndi mayankho, ndipo mawu ojambulidwa asakhale mufoni yosakiya. Tipitenso tikudziwa kumene tingamulozere ngati akufuna thandizo. Kumbukirani mlandu wa ku Msundwe, umene Women Lawyers Association inapita nawo kukhoti: mu Ogasiti 2020 khoti linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 alipidwe chipepeso, ndipo pamutu pa mlanduwo analembapo zilembo m'malo mwa dzina. Ifenso tizibisa mayina chimodzimodzi.

Ndipo tikapeza zosiyana ndi zimene timayembekezera, tilembe zomwezo. Loya wa mbali inayo adzawerenga mzere uliwonse, ndipo bodza limodzi likhoza kuluzitsa amayi amene anatikhulupirira.

Sabata ino, aliyense alembe funso lake m'chiganizo chimodzi, abwere nalo tidzalikonzere limodzi.