Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wa Tsiku la Matenda a Shuga ku Area 18



Pa 14 Novembala pamene dziko lonse lapansi limakumbukira matenda a shuga, timakonda kukamba za zilonda zosapola za kumapazi, za maso ndi za impso. Lero ndikupempha kuti tikambeko za ubongo. Shuga akakhala wokwera m'magazi kwa zaka zambiri amawononga timitsempha ting'onoting'ono, ndipo ubongo ndi wodzala ndi timitsempha totere. Tikamatsekeka, mbali zina za ubongo zimaperewera magazi n'kumafa pang'onopang'ono, nthawi zina popanda sitiroko yoonekera. Munthu amayamba kusochera panjira ya kwawo, kusokoneza mayina a ana ake, kufunsanso zomwe wangoyankhidwa kumene. Awa ndiwo matenda oiwalaiwala omwe achipatala amati dementia. Mu 2016 akatswiri ataphatikiza kafukufuku wokhudza anthu oposa 2 miliyoni anapeza kuti kwa odwala shuga wa mtundu wachiwiri chiopsezo cha matendawa chimakwera ndi pafupifupi 60 peresenti. Kafukufuku wina wa ku Britain wa mu 2021 anaonetsa kuti shuga akamugwira munthu akadali wamphamvu zake, chiopsezocho chimakulirakulira.

Nkhaniyi siili kutali nafe. Bungwe lofufuza za umoyo la MEIRU linayeza anthu pafupi pompa ku Area 25 komanso ku Karonga, ndipo zotsatira za mu 2018 zinati akuluakulu atatu mwa 100 a m'tauni ali ndi shuga. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mwa odwala onse amene anapezeka, 41 pa 100 alionse sankadziwa n'komwe kuti akudwala. Zaka zimene munthu akuyenda osadziwazo ndi zomwe ubongo ukuonongeka mwakachetechete.

Wina anena kuti kuiwala ndi ukalamba basi. Kuiwala pomwe waika makiyi n'kwa tonse, koma kuiwala kuti wadya kale, kapena kutuluka usiku osadziwa kolowera, ndi matenda. Tikawakana dzina lawo, agogo otere ndi amene timawaloza zala kuti ndi mfiti, pamene akufunika chipatala ndi chisamaliro. Winanso ati ngati zili choncho, wodwala shuga wagwa kale m'dzenje. Ayi ndithu. Ambiri amakalamba nzeru zili zonse. Akatswiri a Lancet Commission mu 2024 anatchula zinthu 14 zomwe munthu angathe kuzisintha, monga shuga, kuthamanga kwa magazi, fodya, mowa ndi kusachita zolimbitsa thupi, nati pafupifupi 45 peresenti ya matenda oiwalaiwala ingapewedwe kapena kuchedwetsedwa.

Pali chenjezo limodzi kwa osamalira odwala. Shuga wotsika kwambiri nayenso amavulaza ubongo, ndipo agogo oiwalaiwala angathe kubaya insulin kawiri kapena kumwa mankhwala osadya. Pakhale mmodzi pakhomo woyang'anira mankhwala ndi nthawi ya chakudya, ndipo mukapita nawo kusikelo ya shuga muwauze adokotala za kuiwalako, musabise.

Ku Unduna wa Zaumoyo pempho langa ndi lakuti mankhwala a shuga a metformin ndi zipangizo zoyezera zisamasowe m'zipatala zazing'ono, anthu asamachite kuthamangira ku Kamuzu Central Hospital pa zinthu zotheka konkuno. Kwa inu amene mwapitirira zaka 40, musachoke pano musanayezetse shuga ndi BP.