Msana wa Msilikali Wopuma pa Ntchito: Mawu a Mlendo Wolemekezeka



Msilikali akavula yunifolomu komaliza amabweza mfuti ndi chikwama, koma ululu umene katunduyo anasiya mumsana amapita nawo kwawo, ndipo nthawi zambiri umakula pamene ukalamba ukuyandikira. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse ankavutika ndi msana wa m'munsi, ndipo ku United States matenda a msana ndi a m'malo olumikizira mafupa ali m'gulu la madandaulo amene asilikali akale amapita nawo kuchipatala kawirikawiri.

Dziko la United States linalowetsa chiropractic m'zipatala za asilikali akale. Chiropractic ndi chithandizo cha msana ndi khosi chochitika ndi manja, pamene katswiri amakankha kapena kuwongola malo olumikizira mafupa kuti ayambenso kuyenda momasuka, ndipo anachiyambitsa ndi Daniel David Palmer ku Davenport, m'chigawo cha Iowa, mu 1895. Nthambi ya boma ya Department of Veterans Affairs inayamba kuchipereka m'zipatala zake mu 2004, ndipo kufunika kwake kunakula pamene mankhwala amphamvu opha ululu otchedwa opioid anasandutsa anthu ambiri akapolo ake, ena mpaka kutaya moyo. Mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians linalangiza kuti wodwala msana ayambe wathandizidwa ndi njira zosafuna mankhwala, kuphatikizapo kuwongola msana ndi manja.

Komabe manja a katswiri amagwira msana kwa mphindi zochepa chabe, pamene masiku onse otsala msanawo uli m'manja mwa mwini wake, n'chifukwa chake malangizo odzisamalira ayenera kuwerengedwa ngati gawo lenileni la chithandizo. Langizo loyamba limadabwitsa ambiri: kugona pabedi masiku angapo kumachedwetsa kuchira, pamene kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, n'kumawonjezera mtunda, kumalimbitsa minofu imene imachirikiza msana. Kuthowa ndi nsalu yofunda kumachepetsa ululu wongoyamba kumene, ndipo kusiya fodya n'kofunika chifukwa kusuta kumachepetsa magazi opita ku timinofu tokhala pakati pa mafupa a msana. Nkhani ya tulo siyenera kuiwalika, pakuti msilikali wovutika ndi PTSD, lomwe ndi vuto la maganizo lotsatira zoopsa zimene munthu anaona, sagona mokwanira, ndipo thupi losowa tulo limamva ululu mowirikiza. Katswiri amene safunsa za tulo ndi maganizo a wodwala wotere wasiya ntchito yake pakati.

Vuto lalikulu lagona pa khalidwe limene usilikali umaphunzitsa, lomwe ndi kupirira osadandaula. Khalidweli limapulumutsa anthu kunkhondo, koma kunyumba limabisa zizindikiro zofuna dokotala tsiku lomwelo: dzanzi pakati pa ntchafu, kulephera kudzigwira kapena kutaya madzi, miyendo kufooka mwadzidzidzi, kapenanso msana wopweteka limodzi ndi kutentha thupi ndi kuonda. Msana wotere suyenera kuwongoledwa ndi manja usanapimidwe, makamaka m'maiko a kuno kum'mwera kwa Africa kumene chifuwa chachikulu cha TB chimatha kulowa m'mafupa a msana. Akatswiri a chiropractic ndi ochepa kuno, ngakhale kuti South Africa imawaphunzitsa ku Durban ndi ku Johannesburg, choncho asilikali ambiri opuma, kuphatikizapo amene anakasungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo, adzamva malangizowa kwa anamwino ndi madokotala a mafizo, amene ayenera kuwafotokoza pamaso pa mkazi, mwamuna kapena mwana wa wodwalayo, popeza a m'nyumba ndi amene amayamba kuona zimene msilikali safuna kunena.