MTENGO UMAFERA KU MIZU

Madzulo ano tikambirana za mitengo imene tiipeza pa malo omangapo nyumba.

Munthu akalandira puloti mu Lusaka kapena ku Chipata, kawirikawiri apezapo mkuyu kapena mtengo wa mango. Iye anena kuti, "Uwu wokha sindidzaudula." Koma patapita zaka zitatu kapena zinai nthambi ziyamba kuuma, ndipo mwini nyumba adabwa. Mtengowo unaphedwa kale pa nthawi yomanga, ngakhale nkhwangwa sinaukhudze.

Cifukwa cace ndi ici. Mizu yambiri ya mtengo siilowa pansi patali ai. Iyenda m'dothi la pamwamba, losapitirira masentimita 60, ndipo itambalala kupyola pamene pathera mthunzi. Mizu imeneyi ifuna mpweya ndi madzi. Malole a njerwa akapondaponda pamenepo, dothi lilimba gwa, mpweya sulowanso. Ngalande ya maziko idula mizu, ndipo madzi a simenti aiocha.

Ku Britain anaciona ici kale. Lamulo lao la 1947 la mamangidwe a mizinda linapatsa makhonsolo mphamvu yoletsa munthu kudula mtengo wofunika, ngakhale uli pa malo ace. Malangizo ao a 2012, ochedwa BS 5837, apatsa amisiri muyeso wapafupi. Yesani kunenepa kwa thunthu, kucokera mbali ina kufika mbali inzace, pa msinkhu wa mita imodzi ndi theka; muculukitse ka 12. Thunthu la masentimita 50 lifuna danga la mamita 6 mbali zonse. Pamenepo amangapo mpanda nchito isanayambe, ndipo m'katimo saunjikamo mcenga, sasonkhamo moto, sakumbamo.

Kuno kwathu lamulo la 2015 la mamangidwe a matauni lifuna kuti munthu atenge cilolezo ku khonsolo asanamange. Tsono pojambulitsa pulani yanu, uzani wojambulayo alembepo mitengo imene ilipo, ndipo nyumba, cimbudzi ndi mipope zipatuke. Kusuntha cipupa pa pepala kungofuna pensulo, koma mkuyu waukulu ukauma, mthunzi wotere adzauona ndi adzukulu anu. Akulu anati, m'mera mpoyamba.

Tsalani bwino nonse.