MAINA A M'BUKU LA EKLESIA NDIWO COIKIZA

Mau olalikidwa ku Mvera pa Loweruka la kukonzekera Mgonero, pamaso pa Akristu, akuru a Eklesia ndi aphunzitsi a m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi. Malembo owerengedwa: 2 Samueli 24:1-17, Miyambo 11:13, Luka 10:17-20.



M'mawa muno, musanalowe m'nyumba ya Mulungu, munapeza mlembi wa Eklesia atakhala patsinde pa mtengo, buku lalikuru liri pa maondo pace. Yense wa inu anachula dzina lace ndi mlaga wace, naonetsa kadi ya Mgonero, ndipo mlembi anaika cizindikiro. Ticita comweco caka ndi caka, kotero kuti tazolowera, ndipo palibe afunsanso kuti m'buku lija muli ciani, ligona kuti usiku, ndi ndani aloledwa kulitsegula. Lero ndifuna kuti tifunse zimenezo pamaso pa Mulungu.

M'buku lija muli dzina lanu, mudzi wanu ndi nyakwawa yanu. Muli tsiku munalowa klasi, tsiku la ubatizo ndi tsiku la ukwati. Mulinso zopereka zanu mwezi ndi mwezi. Pali buku lina, la milandu ya msonkhano wa akuru, m'mene alembedwa amene anagwa, cimene anagwa naco, ndi tsiku anabwezedwa ku gome la Ambuye. Ndipo ziripo zina zosalembedwa ndi inki, koma zoikidwa m'makutu a mbusa ndi a mlangizi: nthenda imene munthu anaulula ali gone pamphasa, misozi ya mkazi wa m'banja losautsa, ngongole, mantha a usiku. Zonsezi lero ndiziyesa buku limodzi.

Mudziwa mwambo wa makolo athu wa kuikiza. Munthu ali ndi mbuzi, koma alibe khola kapena mwana woweta. Apita nayo kwa mnzace wa tsidya lija, namuikiza. Wosungayo aidyetsa, aiteteza kwa fisi, koma saigulitsa, saipha pa maliro a kwao, salipira nayo mlandu wace. Ndipo mwini akadza kudzaiona, samkaniza. Dzina la Mkristu liri monga mbuzi ija. Siliri la mbusa, siliri la mlembi. Mwini wace analiikiza kwa ife. Cifukwa cace tifunse zitatu: tilemberanji maina, ticita nao ciani, ndipo tiwasunga bwanji.

I. TILEMBERANJI MAINA?

Pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anafika kuno ku Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, m'caka ca 1889, panalibe buku la Akristu, pakuti panalibe Mkristu wolembamo. Koma nchito inakula. Ku Kongwe anayamba m'caka ca 1894, ku Nkhoma 1896, pambuyo pace ku Chinthembwe m'mapiri a Ntchisi, ndipo sukulu za m'midzi zinafalikira ponse. Mutu wa munthu mmodzi sunathenso kukumbukira nkhosa zonse. Anyamata ambiri ananka ku nchito ku Salisbury, kumene lero tikucha Harare, ndipo Vlok yemweyo anawatsata komweko m'caka ca 1912. Mkristu wa ku Kongwe pofika kumeneko anaonetsa kalata wa msamuko, ndipo abale amene sanamuona ndi kale lonse anamlandira pa Mgonero. Taonani ubwino wa buku: limcitira munthu umboni kumene alibe mbale.

Koma makolo athu anaopa colembera, ndipo sanaopa cabe. Iwo anadziwa kaundula wa msonkho wa nyumba. Anaonanso pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 kuti amuna anatengedwa m'midzi kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri sanabwera. Kwa iwo kulembedwa dzina kunali kugwidwa mwendo. Pamene anabvomera kuchula maina ao kwa mphunzitsi, anatero pokhulupira kuti buku la Eklesia siliri monga mabuku ena aja.

M'Malembo muli kuwerenga anthu kuwiri. Mose anawerenga ana a Israyeli m'cipululu pomlamulira Mulungu, kuti pfuko liri lonse lidziwe malo ace ndi nchito yace. Ndipo panalibe cilango. Davide anawerenganso anthu omwewo, koma iye anafuna kudziwa kukula kwa nkhondo yace. Ngakhale Yoabu, munthu wouma mtima uja, anamcenjeza. Koma mfumu inakana kumva. Anayenda miyezi 9 ndi masiku 20 alikulemba, ndipo mphotho yace inali mliri umene unapha anthu 70,000. Kusiyana kwace sikunali m'colembera, koma m'cifukwa. Mose analemba kuti awete. Davide analemba kuti adzitame.

Comweco inu alembi ndi aphunzitsi, musafunse munthu cimene ubusa susowa. Dzina, mudzi, ubatizo, ukwati: izi tizisowa. Koma cipani cimene munthu akonda, kapena mabelo a fodya amene anagulitsa caka cino, tizifunsiranji? Kale agogo athu analibe citupa ca boma conena za munthu yense. Koma kuyambira 2017 boma lapatsa akuru onse citupa ca unzika cokhala ndi nambala yace. Nambala imeneyo itsegula makomo ambiri, a ku banki ndi a lamya. Musaikopere m'buku popanda cifukwa comveka. Ndipo ciri conse mucilemba, muuzeni mwini wace cifukwa cace, kuti apereke ndi mtima wodziwa.

II. TICITA NAO CIANI?

Pano ndipo tipunthwa kawiri kawiri, ndipo ndichula zopunthwitsa zinai.

Coyamba ndico kucititsa manyazi. Pali mipingo imene mlembi aimirira pa Sabata nawerenga maina a osapereka, mpingo wonse ulikumva. Ndalama zituruka ndithu, koma zituruka ndi misozi. Kodi mlembiyo adziwa kuti mai uja anagulitsa nkhuku yotsiriza kugula mankhwala a mwana? Ambuye anakhala popenyana ndi mosungiramo ndalama m'Kacisi, naona zopereka za onse. Koma amene anamchula poyera ndi mkazi wamasiye wa timakobiri tiwiri, ndipo anamchula pomtama. Wosapereka mumtsate kwao, mukhale naye pakhonde, mumve cimene camsautsa.

Caciwiri ndico kugulitsa mbuzi ya eni. Nyengo ya masankho ikayandikira, adza anthu ndi malata a denga m'dzanja limodzi, ndipo ndi dzanja lina apempha maina ndi manambala a lamya a Akristu onse. Adzanso okongoza ndalama ndi amalonda, ndi mau osalala. Abale, malata alandiridwe ngati aperekedwa kwa Mulungu. Koma maina asaturuke. Ngakhale wofuna kugawa cimanga m'caka ca njala, munthu wa mtima wabwino, asapatsidwe buku lonse. Muyambe mwafunsa osowawo ngati alola kuti maina ao apite, ndipo mupereke ao okha.

Cacitatu ndico milandu. Ambuye pa Mateyu 18 anatiikira makwerero atatu: uyambe wekha ndi mbale wako, akakana, utenge mmodzi kapena awiri, akakananso, ndipo uuze Eklesia. Ife tikonda kulumpha awiri oyambawo. Kumbukirani Yosefe, amene poganiza kuti Mariya wamlakwira, anafuna kumleka m'tseri kuti asamnyazitse. Ndipo Malembo amucha wolungama. Zonenedwa m'msonkhano wa akuru zithere momwemo. Mkuru wa Eklesia asanke nazo ku nyumba, pakuti zofika pa mkeka madzulo zifika pa mjigo m'mawa.

Cacinai ndico ukazitape wobvala pemphero. Munthu aimirira nati tipempherere uje, ndipo m'kupempherako aulula nthenda imene wodwala anabisa ngakhale kwa abale ace. Ambiri a inu mukumbukira zaka zimene matenda a Edzi anatha anthu m'midzi yathu yino, ndi momwe ena anafa msanga cifukwa anaopa malilime koposa imfa. Musanachule wodwala pa mpingo, mumfunse iye mwini ngati alola, ndi mau amene alola. Mulungu adziwa dzina la nthenda, ngakhale ife sitilichula.

Koma pano ndicenjeze, kuti wina angamve molakwa. Kusunga cinsinsi sikuli kufungatira coipa. Ngati mwana alikuipsidwa, kapena moyo wa munthu uli pangozi, mkuru amene akhala cete sali wokhulupirika, ali mnzace wa wocita coipayo. Zotero zinke msanga kwa mbusa ndi kwa a boma oyenera, osati ku msika. Cinsinsi ticisunga kuti titeteze wofooka, osati kuti tibise wamphamvu.

III. TIWASUNGA BWANJI?

Ndikuuzani za kulakwa kwanga, kuti inu musagwe m'dzenje lomwelo. Ndiri mnyamata, ndinali mlembi pa mpingo wina. Buku lakale la milandu linadzala, cikuto cace cinathothoka, ndipo ndinaliponya pamwamba pa kabati m'nyumba mwanga, ndi kuliiwala. Ana analipeza, nang'amba masamba, napatsa mnzao amene amai ace anali kugulitsa zitumbuwa. Tsiku la msika, munthu wina pofunyulula citumbuwa cace anawerenga dzina la mai wina wa mpingo wathu ndi mlandu wace wa zaka khumi zapitazo. Mai ameneyo anali atalapa kalekale, anabwezedwa, ndipo anali mtsogoleri wa nyimbo m'Cigwirizano. Ana ace sanadziwa kanthu. Anamva tsiku lomwelo kwa anzao. Ndinanka kukapepesa, ndipo iye anandikhululukira. Koma pa mpando wace sanakhalanso, nasamuka caka comweco. Akuru anati madzi akatayika saoleka. Mulungu anali atafafaniza ucimo wace, ndipo ine ndinauukitsa ndi ulesi wanga.

Cifukwa cace ndinena kwa inu akuru: buku likhale m'bokosi la loko, kutali ndi ciswe, mbewa ndi denga lodontha, ndipo mpingo udziwe amene asunga mfungulo. Mlembi akaleka nchito, apereke zonse kwa womlowa pamaso pa mboni, osasiya tsamba limodzi kwao. Munthu akabwezedwa, lembani kubwezedwa kwace msanga monga munalembera kugwa kwace. Mabuku akale a ubatizo ndi ukwati asungidwe bwino, pakuti adzukulu adzawafuna. Koma timapepala tosafunikanso tiotchedwe, tisatayidwe kudzala. Ndipo Mkristu akadza kupempha kuona zolembedwa za iye mwini, mumuonetse tsamba lace, ndi kukonza ngati mwalakwa. Mwini mbuzi sakanizidwa kuona mbuzi yace.

Makono ano buku lalowa m'kompyuta ndi m'lamya ya m'manja, ndipo ngozi yakula. Masamba anga aja anafika pa msika umodzi. Koma tsamba lojambulidwa ndi kutumizidwa pa WhatsApp lifika ku Mponela, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg dzuwa lisanapendeke, ndipo palibe angalibweze. Musajambule buku la milandu konse. Lamya yokhala ndi maina a mpingo itsekedwe ndi nambala yacinsinsi, isabwerekedwe kwa ana, ndipo isagulitsidwe mainawo ali momwemo. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Dziwaninso kuti m'caka ca 2024 dziko lathu linakhazika lamulo loteteza mbiri za anthu, ndipo a MACRA anapatsidwa kuliyang'anira. Lamulolo lifuna zomwe ndanenazi: kuti wolemba za mnzace akhale ndi cifukwa coyenera, asalembe zopitirira, azisunge mosamala, ndipo mwini wace athe kuziona ndi kuzikonza. Timvere lamulo, monga Akristu ayenera. Koma cikanakhala camanyazi ngati Eklesia adikira boma kumphunzitsa cimene Miyambo inanena kalekale, kuti kazitape aulula zobisika, ndipo wokhulupirika aziphimba.

MAU OTSIRIZA

Pamene Nowa anagona wamarisece m'hema wace, Hamu anaona naturuka kukanena. Semu ndi Yafeti anatenga copfunda, nayenda cambuyo, nkhope zao ziri kumbali, namfunda atate wao. Onse atatu anadziwa cinthu cimodzi. Koma wina anatembereredwa m'mbeu yace, awiri anadalitsidwa. Inu amene Mulungu wakupatsani kudziwa zobisika za abale anu, muli ana a yani?

Ndipo inu nonse amene maina anu ali m'buku, mverani citonthozo. Ophunzira aja pobwera ku ulendo wao anakondwera kuti ziwanda zinawagonjera. Koma Ambuye anawalozera cimwemwe coposa, ndico cakuti maina ao alembedwa m'Mwamba. Buku limenelo ciswe sicilidya, wakuba salijambula, ndipo Wolisunga sagulitsa dzina la munthu, pakuti analigula ndi mwazi wace. Kapena wina pano anapwetekedwa ndi lilime la Eklesia, monga mai uja anapwetekedwa ndi ine. Ndikupempha m'dzina la Kristu, usataye Mbusa cifukwa ca kulakwa kwa anyamata ace. Ndipo amene adziwa kuti anaulula coikizidwa kwa iye, asagone usiku uno asanapite kwa mbale wace. Atatero, adze mawa ku gome.

Ambuye atipatse makutu otseguka, milomo yotsekeka, ndi manja okhulupirika, kufikira tsiku limene mabuku onse adzatsegulidwa pamaso pace. Amen.